Masheya anakwera koma fandi ikuti phindu ndi lochepa, nanga foreksi amailemba pati?

Wophunzira_mochedwa

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landizunguza mutu sabata yonseyi, mwina pano pali anthu a akaunti andimasulire. Ndinaika tindalama tanga mu mutual fund ina yake (fandi yomwe anthu ambiri timasonkhamo ndalama nkupatsidwa mayuniti) yomwe mabuku ake amalemba m'madola koma masheya ambiri amagula ku Europe ndi ku Japan. Ripoti ya chaka yatuluka ndiye ndinati ulendo uno ndiwerenge ndithu, osati kungoyang'ana NAV, mtengo wa yuniti imodzi ya fandi uja, nkutseka ngati zaka zonsezi. Ndafika pa masamba aja a accounting policies pamene amakamba za ndalama zakunja ndi ma investment, apa mpamene ndasokonekera.

Masheya ambiri omwe fandi ili nawo anakwera kumisika ya kwawo, ndachita kuwayang'ana imodziimodzi, koma phindu la fandi ndi kakang'ono zedi. Ndinati mwina ndi yuro ndi yeni zomwe zinafooka, chabwino, koma ndikapita pa mzere wa foreign exchange loss ndikupezapo kandalama kosakwana nkomwe kufotokoza kusiyana konseko. Ndiye inayo yalowera kuti? Kapena pali chomwe akubisa?

China, phindu lalikulu alilemba kuti unrealised. Ndiye kuti ndi phindu la pa pepala basi, lilibe ntchito? Komanso akuti amalemba zogula ndi zogulitsa pa trade date, ine ndimaona ngati chinthu umachilemba ukalipira. Pepani ngati mafunsowa ndi achibwana, akauntiyi ndinaithawa kusukulu kkkk.

Mlembi_wa_mabuku

Achimwene palibe chachibwana apa, ndipo palibenso chomwe abisa, kungoti mukuyang'ana pa mzere wolakwika. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yowerengetsera NAV, funso limeneli ngakhale anthu atsopano muofesi amafunsa.

Tiyambe ndi ndalama ya mabuku. Fandi iliyonse ili ndi yomwe timati functional currency, malinga ndi IAS 21, lamulo la akaunti la ndalama zakunja, ndiye ndalama yomwe fandiyo imakhaliramo tinene choncho. Oyendetsa amaona kuti anthu amagula ndi kubweza mayuniti mu ndalama iti, mafizi amalipidwa mu iti, zotsatira amaziyeza mu iti. Yanuyo ndi dola. Ndiye chilichonse chomwe si dola kwa iwo ndi chakunja ndipo chiyenera kutembenuzidwa. Zogula, zogulitsa, ma dividendi, chiwongola dzanja, zonsezi amatembenuza pa reti ya tsiku lomwe zachitika. Koma zomwe fandi ili nazo m'manja pa tsiku lotseka mabuku amazitembenuza pa reti ya tsiku lotsekalo.

Tipange chitsanzo, manambalawa ndangopeka kuti zimveke. Fandi yagula masheya 1,000 pa mayuro 50 imodzi, tsiku limenelo yuro imodzi ndi madola 1.10. M'mabuku alemba madola 55,000. Chaka chatha, sheya ili pa mayuro 55, yakwera ndi 10 peresenti ndipo inu mukuiona pa foni mukusekerera. Koma yuro yatsika yafika 1.02. Mayuro 55,000 kuchulukitsa ndi 1.02 ndi madola 56,100. Phindu ndi 1,100 basi, 2 peresenti. Mukafuna kuligawa, kukwera kwa mtengo kunabweretsa 5,100 ndipo kugwa kwa yuro kunadya 4,000.

Tsono 4,000 imeneyo simudzaipeza pa mzere wa foreign exchange loss. Ili mkati mwa 1,100 ija, pa mzere wa phindu kapena kuluza kwa ma investment. Pa IFRS 9, ndondomeko ya akaunti ya maiko ambiri yolembera ma investment, yomwe inayamba kugwira ntchito 1 Januwale 2018 m'malo mwa IAS 39, masheya a fandi ngati yanuyi amakhala pa fair value through profit or loss, kutanthauza kuti amalembedwa pa mtengo wa pamsika ndipo kusintha kwake kumalowa mu phindu kapena kuluza, ndiye kusintha konse kwa mtengo m'madola kumalembedwa pamodzi, za msika ndi za reti mphika umodzi. Mafandi a ku America amatsata lamulo lawo la ASC 946, kumeneko amaloledwa kulekanitsa kapena osalekanitsa, ndipo ambiri salekanitsa. Tawerengani bwino tsamba lanulo, mupezapo chiganizo chonena kuti fandi sipatula gawo lobwera chifukwa cha reti ku gawo lobwera chifukwa cha mitengo ya pamsika. Chiganizo chimenecho anthu amangochidumpha koma ndiye yankho la funso lanu.

Nanga kandalama kamene mwaona pa mzere wa foreksi nkachani? Ndi tinthu tapambali. Mayuro ndi mayeni omwe angokhala mu akaunti ya kubanki, ndalama zomwe fandi ikudikira kulandira kapena kulipira, kusiyana kwa reti pakati pa tsiku logula ndi tsiku lolipira. Mwachitsanzo kampani ija yalengeza dividendi ya yuro imodzi pa sheya. Fandi imalemba pa ex-dividend date, tsiku lomwe sheya imayamba kugulitsidwa yopanda dividendi ija, osadikira kuti ndalama ifike. Tinene boma la kumeneko ladula msonkho wa 15 peresenti, atsala mayuro 850, reti tsiku limenelo ndi 1.08, ndiye akudikira madola 918. Ndalama ikufika patapita masabata atatu reti ili pa 1.05, alandira 892.50. Madola 25.50 asowawo ndi amene amapita pa mzere wa foreksi. Mwaona chifukwa chake kamakhala kakang'ono?

Za trade date, tsiku lomwe mwagwirizana mtengo ndi lomwe chiopsezo chasamukira kwa inu. Sheya ikagwa mawa ndalama musanatumize, waluza ndi inu osati wogulitsa uja. Ndiye nkoyenera kuti ioneke m'mabuku anu kuyambira tsiku limenelo, mbali inayo nkulemba ngongole ya kwa broker. Ku America kuyambira 28 Meyi 2024 kulipira kumachitika tsiku limodzi la ntchito pambuyo pa trade, misika yambiri ya ku Europe masiku awiri. IFRS 9 imalola kusankha trade date kapena settlement date (tsiku lolipira) bola osamasinthasintha, koma mafandi pafupifupi onse omwe ndinawaonapo amatenga trade date.

Wophunzira_mochedwa

Eee bwana mwanditsegula maso. Chiganizo chija ndachipezadi, chili pansi penipeni pa ndime yachiwiri, ndinachiwerenga mwina katatu osamva kanthu. Koma ndiye bwanji osangolekanitsa kuti ife tizidziwa kuti manijala wasankha masheya abwino kapena wangothandizidwa ndi reti? Ndipo za unrealised zija simunandiyankhe.

Gogo_wa_ma_bond

Ndilowererepo pang'ono ana inu. Zomwe alemba a Mlembi nzoona zonse, ine ndingokhudza mbali ina yomwe kwa ine ndi yoopsa kuposa ya reti, ndiyo mtengo weniweniwo wa sheya kuti autenga kuti komanso nthawi yanji. Anthu amaganiza kuti mtengo wa sheya ndi umodzi, umangoyang'ana pa sikirini nkukopera. Ayi ndithu.

Ganizani fandi ya ku America yomwe imawerengetsera NAV 4 koloko madzulo nthawi ya New York pamene msika wa kumeneko ukutseka. Msika wa Tokyo unatseka kalekale New York anthu ali mtulo, papita maola oposa 13. M'maola amenewo dziko silinaime, mwina kwatuluka nkhani yaikulu, misika ya ku America yakwera kwambiri, ndipo aliyense akudziwa kuti Tokyo ikatsegula nayo ikwera. Fandi ikangotenga mtengo wotsekera wa Tokyo ndiye kuti ikugulitsa mayuniti pa mtengo wa dzulo. Ochenjera amagula lero nkubweza mawa, phindu lawolo likuchoka m'thumba la inu amene mwakhala phee zaka zisanu. Si nthano iyi, mu Sepitembala 2003 Eliot Spitzer ali Attorney General wa New York anavumbulutsa nkhani ya market timing, komwe ndi kugula ndi kubweza mwachangu kumeneku, ndi late trading, kugula mayuniti pa mtengo wa tsikulo nthawi yotseka itadutsa kale, m'mafandi, ndipo makampani akuluakulu analipira zindapusa zambiri. Nchifukwa chake masiku ano mu policy mumapeza ndime yonena kuti pakachitika zazikulu msika wakunja utatseka kale, fandi ikhoza kusintha mtengo wotsekera uja ndi fair value pricing, ndiko kuyerekeza mtengo womwe sheyayo ikanakhala nawo pa nthawiyo. Akatero sheya yomwe inali Level 1 imaoneka pa Level 2, musadabwe nazo.

Ma level amenewa, kwa amene sakuwadziwa, ali mu IFRS 13 komanso ASC 820 ya ku America. Level 1 ndi mtengo wa pamsika womwe anthu akugulitsana chinthu chomwecho tsiku ndi tsiku, palibe zoganizira. Level 2 mtengo sunachoke mwachindunji koma zonse zowerengetsera zikuoneka pamsika, ma bond (mapepala a ngongole ya boma kapena kampani) ambiri ali apa chifukwa bond ina imatha sabata osagulitsidwa ndiye amaiyerekeza ndi zinzake zofanana nayo. Level 3 ndiye maganizo a anthu, amakhala pansi ndi model yawo nkunena kuti ife tikuona ngati ndi chakuti. Sindikuti amanama, koma munthu amene malipiro ake amadalira kukula kwa fandi ukamupatsa mpata wonena yekha mtengo, uyenera kuyang'anitsitsa. Ine ripoti ikabwera ndimayamba ndi tebulo limenelo ndisanaone china chilichonse. Level 3 ikakhala kakang'ono ndimapitiriza. Ikakula chaka ndi chaka pa fandi yomwe ikulonjeza kuti ukhoza kutulutsa ndalama tsiku lililonse, ndimayamba kufunsa mafunso.

Chitsanzo chomwe tonse tinaona ndi Russia. Msika wa masheya wa Moscow unatsekedwa pa 28 Febuluwale 2022, unatsegulidwanso pang'ono kumapeto kwa Malichi koma akunja sankaloledwa kugulitsa. Ndiye pa sikirini mtengo ulipo, reti ya ruble iliponso, koma sungagulitse ndipo sungatulutse ndalama. Mafandi ambiri analemba masheya amenewo pa ziro kapena pafupi ndi ziro nkuwaika Level 3. Mtengo womwe sungaulandire si mtengo wako.

Reti nayo chimodzimodzi. Tayang'anani kuti akuti amatenga ya nthawi yanji, ambiri amatenga ija ya WMR (kale ankati WM/Reuters) ya 4 koloko nthawi ya London, ena ya nthawi yotseka New York. Tsiku wamba kusiyana kwake sikungakudetseni nkhawa. Koma pa 15 Januwale 2015 Swiss National Bank, banki yaikulu ya Switzerland, inangodzuka nkuchotsa malire a mafranc 1.20 pa yuro imodzi omwe ankaletsa ndalama yawoyo kukwera, franc inalumpha m'mphindi zochepa, tsiku ngati limenelo ola lomwe watengera reti limasintha NAV ndithu. Mpamenenso kugwiritsa ntchito avereji ya reti ya mwezi m'malo mwa reti ya tsikulo kumakanika, IAS 21 imalola avereji pokhapokha reti isakudumphadumpha.

Pali maiko enanso komwe reti ya boma ndi ina, yomwe anthu akupezera dola ndi ina, kapena dolayo kulibiretu. IASB, bungwe lolemba malamulo a IAS ndi IFRS, inasintha IAS 21 mu Ogasiti 2023 pa nkhani yomweyi, amati Lack of Exchangeability, ndipo inayamba kugwira ntchito 1 Januwale 2025. Tsopano ngati ndalama siikusinthika, kampani iyenera kuyerekeza reti yomwe ikanakhalapo nkufotokoza poyera kuti yaipeza bwanji. Yanuyo ya yuro ndi yeni izi sizikuikhudza, ndangotchula poti ena pano ali ndi mafandi a frontier markets, misika yaing'ono ya maiko ongotukuka kumene.

Zaziii_99

Ine zonsezi ndimaona ngati kungovutika. Accounting policies mafandi onse amakoperana, mawu ake ndi omwewo, ukawerenga imodzi wawerenga zonse. Bola NAV ikukwera basi, maodita anasaina kale ife tivutikiranji

Mlembi_wa_mabuku

Kkkk aise Zaziii, pa kukoperana sindikutsutsa, mwina ndime zisanu ndi zitatu mwa khumi ndi template ndithu. Koma ziwiri zotsalazo mpamene pagona nkhani, ndipo odita amasaina kamodzi pa chaka pomwe NAV yomwe umagulira ndi kubwezera imatuluka tsiku lililonse popanda odita aliyense kuiona. Chomwe chimakuteteza masiku enawo ndi policy yomweyo ukuiderera.

Kubwerera kwa achimwene ofunsa. Unrealised si phindu labodza. Pa mutual fund ndi phindu lomwe mumalandira ndithu, chifukwa mukabweza mayuniti anu mawa amakulipirani pa NAV, ndipo NAV ndi katundu yense pa fair value kuchotsa ngongole kugawa ndi mayuniti onse. Unrealised ili momwemo. Kusiyana kwake ndi realised nkwakuti pa unrealised fandi sinagulitse ndiye ikhoza kusungunuka mawa, pa realised inagulitsa ndiye nambala inatsekeka. Koma thumba lanu silisiyanitsa.

Ndipo mzere wa pakati pa ziwirizi umasuntha malinga ndi njira yomwe asankha yowerengera mtengo wogulira. Tinene anagula masheya 100 pa madola 10, kenako 100 ena pa 14, lero agulitsa 100 pa 15. Akatsata FIFO, kuti oyamba kulowa ndiwo oyamba kutuluka, realised ndi 500 ndipo unrealised pa otsalawo ndi 100. Akatsata avereji, mtengo wogulira ndi 12, realised 300, unrealised 300. Kuphatikiza zonse ndi 600 njira zonse ziwiri, NAV sinasunthe ngakhale senti. Pomwe zimakhudza ndi pa msonkho komanso pa zomwe fandi iyenera kugawira eni mayuniti, m'maiko ena monga America realised ndi yomwe imagawidwa ndipo munthu amakhomerapo msonkho ngakhale iye sanagulitse kanthu. Chimodzimodzi komishoni ya broker, pa IFRS 9 imalembedwa pompo ngati ndalama yotuluka, ku America amaiphatikiza ku mtengo wogulira, koma madzulo sheya ikaikidwa pa mtengo wa pamsika zonse zimathera pamodzi.

Funso lanu loti bwanji salekanitsa. Ena amati ndi ulesi, ine ndimati theka ulesi theka nzeru. Kuti ulekanitse uyenera kusunga reti ya gulu lililonse la masheya lomwe unagula, makompyuta a masiku ano amatha ndiye chimenecho si chifukwa chokwanira. Vuto lenileni nlakuti kugawako kulibe yankho limodzi. Mu chitsanzo changa chija ndinati mtengo 5,100 ndi reti 4,000 yoluza. Wina akhoza kuwerengera kukwera kwa mtengo pa reti yakale, apeza 5,500, ndipo reti yadya 4,400. Onse awiri akufika pa 1,100, palibe wolakwa. Kuonjezera apo mtengo wa sheya ndi reti sizinthu zoyenda payokhapayokha. Kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto kunja, yeni ikafooka phindu lake m'mayeni limakwera ndipo sheya nthawi zambiri imatsatira. Kapena onani London pambuyo pa voti ya Brexit mu Juni 2016, paundi inagwa koma FTSE 100, muyeso wa masheya a makampani 100 akuluakulu a pamsika wa London, sinachedwe kukwera chifukwa makampani ambiri a mmenemo amapeza ndalama zawo kunja. Ndiye ukati apa manijala wachita bwino apa reti yamupweteka, ukunamizira kudula chinthu chomwe nchimodzi.

Ngati mukufuna kuona mmene reti ingakupwetekereni, pitani kumapeto kwa ripoti pa ndime ya financial risk. Mafandi a IFRS amakakamizidwa ndi IFRS 7 kuonetsa kuti ali ndi zingati mu ndalama iliyonse komanso kuti zingatani reti itasuntha ndi peresenti yakuti. Ndipo ngati mukufuna kuyeza manijala, yerekezani fandi ndi benchmark yake, muyeso wa msika womwe imadziyerekeza nawo, m'madola omwewo, chifukwa benchmark nayo yamenyedwa ndi reti yomweyo. Kuyerekeza NAV ya m'madola ndi mitengo ya m'mayuro pa foni ndi komwe kunakusocheretsani poyamba paja.

Gogo_wa_ma_bond

Kuonjezera pa a Mlembi, muonenso ngati pali ma forward currency contract, mapangano osinthana ndalama mtsogolo pa reti yogwirizana lero, pa mndandanda wa katundu. Ngati alipo ndiye kuti manijala anatchinga mbali ina ya yuro kapena yeni, ndipo phindu la kutchingako lili pa mzere wakewake, osati pa masheya. Amawaika pa mtengo tsiku lililonse potengera forward rate ya masiku otsala, akakhwima nkukhala realised. Ndiye mukhoza kuona masheya akuoneka ofooka koma ma forward abweza kenakake, muziwerenga pamodzi. Mafandi ena ali ndi class ya hedged (yotchingidwa ku reti) ndi ya unhedged (yosatchingidwa), katundu yemweyo koma zotsatira zosiyana, ndipo kutchingako si kwaulere kapena kodula nthawi zonse, kumatengera kusiyana kwa chiwongola dzanja cha ndalama ziwirizo. Anthu amathamangira hedged chaka chomwe reti yawapweteka, chaka chotsatira yuro ikadzuka nkumadandaulanso kuti anzawo adya iwo ayi.

Kanthu kamodzi a Mlembi sanatchule, ma bond. Bond ndi monetary item, kutanthauza kuti imabweza ndalama yodziwika kuchuluka kwake, sheya ayi. Pa fandi yomwe zonse zili pa fair value through profit or loss kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, koma mafandi ena amapatula foreksi ya ma bond pomwe ya masheya sapatula, ndiye musadabwe mukaona fandi ya ma bond ili ndi mzere wa foreksi wonenepa.

Mlembi_wa_mabuku

Zoona agogo, za ma bond ndinazisiya dala kuopa kutalikitsa koma mwachita bwino kutchula.

Wophunzira_mochedwa

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse, ngakhale a Zaziii kkk. Ndabwerera ku ripoti ija ndi pensulo. Ma forward alipo atatu okha ndipo onse ndi a yeni, yuro sanaitchinge nkomwe, ndiye zikumveka tsopano. Level 3 palibe, koma pafupifupi masheya onse a ku Japan ali pa Level 2, ndikanapanda kuwerenga za agogo zija ndikanayamba kuda nkhawa zachabe. Benchmark m'madola nayo inakwera pang'ono chabe, fandi yatsalira kumbuyo ndi kachidutswa komwe kakufanana ndi mafizi awo.

Chatsala chimodzi chomwe ndangochiona kumene. Pa balance sheet ndalama zathu eni mayuniti sanazilembe kuti equity, alemba kuti net assets attributable to holders of redeemable units ndipo mu policy akuti ndi liability. Ndiye kuti ife si eni ake a fandi koma okongoza? Bwana Mlembi mukapeza mpata mundithandizenso pamenepa.

Mlembi_wa_mabuku

Ndinu eni ake ndithu musaope. Ndi IAS 32 imeneyo, poti muli ndi ufulu wobweza yuniti nthawi iliyonse ndipo fandi singakane kukulipirani, kwa akaunti chimenecho chikuoneka ngati ngongole. Pali mpata woti mayuniti otere alembedwe equity koma umafuna kuti onse a m'gulu lotsiriza kulipidwa akhale ofanana ndendende, ndiye fandi ikangokhala ndi ma class awiri a mafizi osiyana mpatawo watsekeka. Taonani yanuyo, ndikukhulupirira ili ndi ma class angapo. Ndili pa foni pano, ndilemba bwinobwino madzulo ndikaweruka.